Olipa ndi Khungu la Febian

Olipa Mwanza wa ku Mwape anabala ana anayi, koma amene anamusowetsa tulo ndi wotsiliza, Febian, amene anabadwa mwabi, khungu loyela mbee. Mwamuna wake Amon anangomuyang'ana kamodzi khandalo, n'kupita ku Walale kukafuna nchito. Sanabwelenso.

Dzuwa la kuchigwa silinyengelela munthu. Febian akangosewela panja pang'ono, khosi linkafiila, kukacha matuza okhaokha. Olipa anayamba kum'dzoza mafuta a nsatsi, koma khungu linapsa kuposa kale. Anayesa dothi lofiila la kudambo. Linathandizako, koma likauma linkang'ambika, mwana n'kumadzikanda mpaka magazi.

Mu 1955, Febian ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, Olipa anayenda naye masiku awili kupita kuchipatala cha mishoni. Sisitele Bernadette anawapatsa kachitini ka mankhwala oyela, olimba ngati phala lozizila.

"Muzim'paka m'mawa: makutu, mphuno ndi khosi. Akatuluka thukuta, mum'pakenso."

"Nanga akatha, amai?" anafunsa Olipa.

Sisitele anayang'ana pansi. "Amabwela mwa apo ndi apo."

Olipa anasiya munda wake n'kusamukila ku Kacholola, m'mbali mwa mseu, kuti galimoto ya mishoni ikamadutsa aziiimitsa. Nthawi zina ankalandila kachitini, nthawi zambili ayi. Anaphunzila kuluka zipewa zazikulu za mlaza, n'kumasoka malaya a manja aatali ndi matumba a ufa. Dzuwa likafika pamutu, Febian ankakhala m'nyumba, akumva anzake akuseka kumtsinje.

Atakula, Febian anakana kukhala m'nyumba. "Amama, kodi ndine munthu kapena dzila? Anzanga onse akugwila nchito."

Analembedwa pagulu lokonza mseu. Olipa ankam'tsatila ndi chipewa mpaka kumene akukumba, anyamata n'kumaseka, Febian n'kubisa nkhope ndi manyazi. Patapita chaka, pakhutu panatuluka kachilonda kosapola. Kanakula mpaka m'tsaya.

Mu 1963 Sisitele anam'pezela Febian malo pa lole yopita kuchipatala chachikulu ku Lusaka. Malo anali a munthu mmodzi.

"Musalile, amama. Mvula isanagwe ndabwela."

Kalata yonena kuti Febian wamwalila inafika mu Disembala, mphunzitsi wa m'mudzimo ndiye anamuwelengela Olipa. Olipa anakalambila pa Kacholola pomwepo. Ku Lusaka sanapiteko, chifukwa palibe amene ankadziwa manda amene anaikamo mwana wake.