Misomali m'Dziwe la Chinangwa

Mpaka lero ndikamva fungo la matabwa a paini opalidwa kumene, mtima umandigunda.

Ama atagonekedwa m'chipatala ku Chintheche, Ada anayamba kukhoma bokosi pakhonde. Linali chigonere pansi, lotalika ngati msinkhu wa Ama. Bokosi lotere ndinali nditalionapo kamodzi kokha, pamaliro.

Ndinaganiza kuti likangotha, Ama amwalira. Ada atapita kukanoletsa macheka, ndinatola misomali yonse n'kukaitaya m'dziwe lomwe tinkaviikamo chinangwa.

Atabwerako anafufuza mu utuchi, kenako anayang'ana miyendo yanga yamatope.

"Iwe, misomali ili kuti?"

"Musamalize, Ada," ndinatero. "Ama sanafe."

Ada anagwira bokosilo n'kuliimika, ndipo linaima pa timiyendo tinayi tomwe ine sindinatione.

"Ndi kabati iyi, mwana wanga, ya mbale za amayi ako. Akabwera aipeze. Akabwera."

Ponena kachiwiriko sanandiyang'ane.

Ama anabweradi, ndipo anasungamo mbale zawo mpaka ukalamba. Koma ndinazindikira nditakula kuti tsikulo amantha tinalipo awiri: wina ankataya misomali, wina ankakhoma kuti manja asanjenjemere.