A Nikodemo ndi njinga yopanda katundu

A Nikodemo Sakala anagwira ntchito mumgodi ku Luanshya mpaka mgodiwo unatsekedwa. Anabwerera kwawo ku Katete ndi njinga imodzi, nayamba kunyamulira anthu matumba a mtedza kupita nawo kumsika. Chaka chatha matayala anatheratu, anangotsala zigamba zokhazokha, ndipo ntchito inali pafupi kuima.

Mwamwayi a Hamisi, ogulitsa zipangizo za njinga, anakonza mpikisano wa njinga wochokera ku Mkaika kukathera pamsika. Woyamba amalandira njinga yatsopano, wachiwiri wailesi, wachitatu matayala awiri.

Mpikisano utangoyamba, a Nikodemo anayamba kudzandira ngati amwa. Kupalasa njinga yopanda katundu anali ataiwala kalekale. Anaima pamene panali akazi awo.

"Amake Elijah, kwerani!"

"Mwandiyesa thumba la mtedza?"

"Thumba silifunsa mafunso. Kwerani!"

Mayiwo anakwera, njinga inakhazikika. Potsetsereka inkadutsa anyamata ngati angoima. Anafika achitatu.

"Pepani madala, njinga yakuphonyani," anatero a Hamisi.

"Njinga ndili nayo kale," anayankha a Nikodemo akupukuta thukuta. "Bweretsani matayalawo."