Kachete ndi khoma lopanda kanthu

Taganizirani m'mawa wamba, m'holo yobwereka, mipando itaikidwa mozungulira. Pakati paima mtsikana amene ndinkamuphunzitsa masamu, yemwe anzake ankamutcha Kachete chifukwa choopa kuyankha m'kalasi. Lero amalemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo anandiitana kuti ndidzamulimbitse mtima.

Msonkhano wa olemba mapulogalamuwo unalibe ndandanda ya okamba nkhani. Aliyense wokhala ndi mutu wokambirana ankayenera kuulemba papepala n'kumata pakhoma. Ntchito ya Kachete inali kufotokoza zimenezi, kenako kukhala duu mpaka wina adzuke yekha. Akanangoyamba iyeyo kutchula mitu, anthu akanadikira kuuzidwa zonse.

"Aphunzitsi, akapanda kudzuka ndithawira pawindo," anali atandiuza pakhomo.

Kachete anafotokoza zonse, n'kuika zolembera pansi. Palibe amene anasuntha. Wina anatsokomola, wina anatulutsa foni.

"Iwe, tayankhula kanthu," abwana ake a kuntchito anamunong'oneza. "Anthuwa akatuluka, usadzandiuzenso za misonkhano yakoyi."

Kachete anandiyang'ana. Ine ndinkangofuna kuti ayankhule, poti m'kalasi ana akachedwa kuyankha ndimangodziyankha ndekha. Koma iye sanatsegule pakamwa.

Kenako bambo wina wadazi anadzuka akukanda m'mutu. "Pulogalamu yanga imafa Lachisanu lililonse, ndipo kuntchito ndimachita manyazi kufunsa. Alipo wondithandiza?"

Anthu anaseka, ena atatu n'kuthamangira zolembera zija.

Pofika teni koloko, pakhomapo panali mitu khumi ndi isanu ndi inayi, ndipo panalibe ngakhale umodzi wolembedwa ndi Kachete.