Anandilanda Telala

Tinafika mu Nairobi, ine ndi bambo akunyumba, mvula ya mwezi wa Epulo ikukhuthuka. Iwo anali atapeza ntchito ku bungwe lina la mpingo, ine ndinangotsatira, masatifiketi anga ali m'chikwama. Tinapeza nyumba ku Roysambu, pansanjika yachinayi, m'chinyumba chodzaza ndi ana a kuyunivesite. Nditakhala pakhomo miyezi ingapo, ndikungoonera magalimoto a mu Thika Road pazenera, ndinapeza ntchito ku ofesi ina ku Gigiri, dera la akazembe ndi mabungwe akuluakulu. Anandilemba ngati munthu wakonkuno, osati ngati wochokera kunja. Amene anagwirako kumeneko akudziwa tanthauzo lake: ntchito imodzimodzi, koma mphika wosiyana.

Moyang'anizana ndi tebulo langa munkakhala mayi wina wa ku Colombia. Msinkhu wathu unali umodzi, sukulu tinapita nayo patali mofanana, ndipo malipoti ambiri otuluka m'dzina lake ndinkawawongola ndine. Iye ankabwera pagalimoto ya nambala zofiira za akazembe, alonda apageti n'kumamuchitira sawatcha. Ine ndinkakwera maminibasi awiri, amene kuno amati matatu, kutsika nsapato zili fumbi lokhalokha, n'kuima pamzere kuti andiseche chikwama. Ankakhala yekha m'nyumba ya zipinda zinayi, kumpanda kwina kufupi ndi ofesi. Anthu akwawo mu Nairobi anali ochepa, koma onse amene ndinawaona anali a mtundu womwewo: a m'mabungwe akuluakulu, ogula khofi, akatswiri a minda ya maluwa ku Naivasha. Lachisanu ankakumana kumalo odyera kumene ine ndinkangodutsa panja.

Chomwe chinkandipweteka kwambiri n'chakuti anali munthu wabwino. Akanakhala wamatama, ndikanamuda mwamtendere. Koma ankandibweretsera khofi wakwawo, ankafunsa za ana anga, ndipo anaphunzira kunena kuti "mwadzuka bwanji" ndi lilime lake lolemeralo. Ndinkamwetulira, kumtima kukuyaka.

Pansi pa chinyumba chathu panali kashopu ka telala, mayi wa ku Senegal. Anali wamtali, woyenda modekha ngati alibe kofulumirira, mpango wakumutu uli nji ngati wopita kuukwati ngakhale Lolemba m'mawa. Mwamuna wake ankagulitsa mikanda, ndolo ndi mawotchi m'tauni. Anthu akwawo amene ndinkawaona analinso a mtundu umodzi: atelala, oluka tsitsi, ogulitsa timalonda ta m'manja. Banja lake linkagawana nyumba ya zipinda ziwiri ndi banja la mlamu wake. Nkhani ya mapepala okhalira m'dziko muno inali chilonda chosapola kwa iwo. Pakangomveka mphekesera yakuti kukubwera ofufuza, kashopu kankatsekedwa tsiku lonse. Koma Lamlungu lililonse ankasonkhana, anthu khumi kapena kuposerapo, kuzungulira chimbale chimodzi cha mpunga wofiira wa nsomba, ndipo fungo ndi kuseka kwawo zinkakwera masitepe mpaka kwathu.

Telalayu anasanduka mnzanga. Tinkalankhulana m'Chiswahili chotsimphina, Chingerezi chake chochepa, kwinako manja. Ankanditchula kuti dada, ndiko kuti chemwali. Ndikaweruka ndinkakhala pakampando kapulasitiki pambali pa makina ake, n'kumamufotokozera za ku ofesi, iye akupalasa makina, singano ili pakamwa. Ndivomere chilungamo: ndinkakonda kukhala pamenepo chifukwa pamaso pake ndinali munthu wamkulu, dada wa ku Gigiri. Ku ofesi ndinali pansi, ku Roysambu ndinali pamwamba.

Tsiku lina anandisokera diresi ya chitenje chimene ndinabwera nacho kuchokera ku Limbe. Anaika timaluwa ta ulusi wagolide pakhosi, zimene sindinamuuze n'komwe. Nditavala ku ofesi, mayi wa ku Colombia anaimirira, anandizungulira kawiri.

"Wasoka ndani? Ndiuzeni, chonde. Ndili ndi nsalu zangokhala m'sutikesi."

"Ndi kutali," ndinatero. "Kwathu kuja simungakukonde."

"Ndili ndi galimoto. Loweruka ndibwera."

Ndikanatha kunama kuti telalayo anasamuka. Koma ndinafunanso kuti anthu a pachinyumba chathu aone galimoto ya nambala zofiira ikubwera kudzafuna ine. Loweruka anabweradi, ndipo ndinatsika masitepe pang'onopang'ono kuti onse aone.

Titalowa m'kashopu, ndinayamba kuwadziwitsana m'Chingerezi. Mlendo uja atamva kuti telala ndi wa ku Senegal, anaomba m'manja n'kunena mawu ena amene sindinawamve. Telala anasiya makina, maso ali tong'o, kenako anaseka mokuwa, kuseka kumene ndinali ndisanakumvepo. Zinapezeka kuti mayiyu anagwirapo ntchito ku Dakar zaka zingapo. Ankalankhula Chifalansa, ankadziwa moni wa chinenero chakwawo kwa telala, ankadziwa ngakhale msika umene mayi ake a telalayo ankagulitsako nsomba. Anacheza ola lathunthu. Ine ndinali pakampando kanga kapulasitiki, ndanyamula nsalu za mlendo pamiyendo ngati wantchito. Mwa apo ndi apo wina ankatembenuka kundimasulirira chiganizo chimodzi, kenako n'kubwerera kwa mnzake. Tsiku limenelo m'pamene ndinadziwa kuti mnzanga uja, amene ndinkamuyesa wosalankhulalankhula, anali wolongolola komanso wanthabwala. Nane ankangosowa mawu.

Kuyambira pamenepo zinthu zinathamanga. Mayi wa ku Colombia anabweretsa anzake akwawo, anzakewo anabweretsa ena. Loweruka panja pa chinyumba chathu pankaima magalimoto amene anthu ankaima kuwaonera. Telala anagula makina achiwiri amagetsi, anaitana mkazi wa mlamu wake kudzathandiza. Kampando kanga kanayamba kukhala ndi mulu wa nsalu. Ndinamupatsa nsalu ya yunifolomu ya kwaya yathu ya Amalawi, inakhala masabata atatu osaikhudza.

"Pole, dada," ankatero pondipepesa. "Mawa. Inu ndinu wapakhomo, mundimvetsa."

Wapakhomo! Mawu amenewo anandilasa. Choposa apo, Lamlungu lina ndikuchokera kutchalitchi ndinasuzumira pakhomo pawo, ndinaona mayi wa ku Colombia atakhala pamkeka, nsapato atavula, akudya ndi manja pachimbale chija. Ine zaka ziwiri ndinkangolandira kambale kotumizidwa kumtunda. Mwina ankaopa kundiitana poganiza kuti dada wa ku Gigiri sangakhale pansi. Sindinaganize choncho nthawi imeneyo. Ndinangoona kuti munthu amene anali kale ndi galimoto, nyumba ndi pasipoti yotsegula mageti onse, watenganso kamodzi kokha kamene kanali kanga.

Lolemba, tikumwa tiyi ku ofesi, ndinayamba mwapansipansi.

"Mukuona, sindikufuna kukuopsezani, koma kwathu kuja kwaipa. Sabata yatha anaphwanya galimoto ya mzimayi wina masana dzuwa likuswa mtengo. Amayang'ana kwambiri nambala zofiira."

Linali bodza lamkunkhuniza. Palibe galimoto imene inaphwanyidwa. Iye anatumbuluka nkhope, anandigwira dzanja, anandithokoza kuti ndine mnzake weniweni. Anauzanso anzake. Loweruka lotsatira panja panalibe galimoto ndi imodzi yomwe, ndipo ine ndinatsika, ndinachotsa nsalu pakampando kanga, n'kukhalapo.

Koma sindinaganize kuti ngati makasitomala sabwera kwa telala, telala ndiye apita kwa makasitomala. Nthawi imeneyo anali woyembekezera, mimba ya miyezi isanu ndi iwiri. Lachitatu lina analongedza madiresi m'chikwama chachikulu, anakwera matatu awiri omwe ndinkakwera ine, kupita kunyumba kwa mayi wa ku Colombia. Anagwirizana kuti akumana masana, koma mwini nyumba anatsekeredwa mumsonkhano, foni atazimitsa. Ndinali mumsonkhano womwewo, ndikulemba zokambirana. Alonda a pampandapo anafuna chiphaso. Telala anali ndi kapepala kokha kosonyeza kuti mapepala ake akukonzedwa. Chingerezi chinamuthera, Chiswahili chinamuthera. Anamuuza kuti aime kutsidya kwa msewu, asayandikire geti. Anaima padzuwa pafupifupi maola atatu, akuopa kuchoka chifukwa analonjeza, akuopanso kuti alondawo angamuitanire anthu ena.

Madzulo ndinamupeza atagona pamkeka m'kashopu, miyendo itatupa ngati mitsamiro. Mkazi wa mlamu wake ankamupemerera ndi katoni.

"Dada," anatero, "kuntchito kwanu kuja anthu amakhala bwanji? Mitengo yokongola, koma palibe pokhala. Ngakhale madzi sanandipatse."

Ndinakwera kumtunda, ndinafunditsa madzi, ndinatsika nawo m'beseni, ndinamuthowa miyendo. Ankandidalitsa m'chinenero chakwawo. Za bodza langa sindinamuululire. Bambo akunyumba nditawauza, anati, "Amayi, zimenezi si za inu ayi. Mukauze anthu chilungamo." Ndinavomera ndi pakamwa, koma sindinapite.

Mayi wa ku Colombia atamva zimene zinachitika pageti pake, analira mu ofesi. Kuyambira tsiku limenelo anayambiranso kubwera ku Roysambu, koma pa takisi, galimoto akusiya kunyumba. Anapezanso loya wothandiza banja la telala pa nkhani ya mapepala. Bodza langa linangowamangiriza pamodzi kuposa kale.

Mwana anabadwa wamkazi. Tsiku la matenda ndine ndinathamanga kukafuna takisi, ndine ndinakhala pabenchi kuchipatala mwamuna wake asanafike kuchokera m'tauni. Patatha sabata anachita mwambo wopatsa mwana dzina. Anapha nkhosa kuseri kwa chinyumba, anthu akwawo anabwera kuchokera ku Buruburu ndi kwina konse, amayi atavala zonyezimira ngati palibe amene amagona pamkeka. Mkazi wa mlamu uja anali atandiuza kale kuti kwawo mwana amamupatsa dzina la munthu amene makolo akufuna kumulemekeza. Sindinauze aliyense zimene ndinkayembekezera, koma ndinavala bwino kwambiri tsiku limenelo, ndipo ndinakhala kutsogolo.

Mkulu wawo wa chipembedzo ananong'oneza m'khutu mwa khanda, kenako dzina linalengezedwa. Linali la mayi wa ku Colombia.

Amayi anakuwa mokondwa, anamukokera pakati, anamuika mwana m'manja. Iye ankalira ndi kuseka nthawi imodzi. Ine ndinaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa, kuti aliyense asaone nkhope yanga. Nthawi ya chakudya anadzakhala pafupi nane pamkeka, maso ali ofiira.

"Mukudziwa," anatero, "kunyumba kwanga kuja chimene chimalankhula ndi firiji yokha. Ndimakusirirani inu. Mumangotsika masitepe, mwafika."

Ndinafuna kumuuza kuti tisinthane, ngakhale mwezi umodzi. Ndinangomupatsira nsomba.

Mapepala atatuluka, banja la telala linapeza shopu yaikulupo kufupi ndi makasitomala ake atsopano, ndipo anaganiza zosamukira komweko. Tsiku losamuka ndinapempha tchuthi kuti ndiwathandize kulongedza. Tili awiriwiri m'kashopu, tikupinda nsalu, ndinalimba mtima. Ndinamuuza zonse m'Chiswahili changa chotsimphina: za galimoto imene sinaphwanyidwe, za chifukwa chimene anaimira padzuwa tsiku lija.

Anapitiriza kupinda nsalu. Atamaliza anaiika m'katoni.

"Ndinadziwa, dada. Mnzanu uja anandifunsa za galimotoyo tsiku lomwe anabweranso. Ndinafunsa mlonda wathu, ndinafunsa a boda boda, anyamata a njinga zamoto apakona aja. Palibe anaiona."

"Ndiye munamuuza kuti ndinanama?"

"Ndinamuuza kuti mwina zinachitika msewu wina. Mumagwira naye ntchito, ndikanakuonongerani." Anandiyang'ana kwa kanthawi. "Dzina lija poyamba tinkafuna lanu. Mwamuna wanga ndiye ankalikonda. Ine ndinakana."

Sanakweze mawu, sanandinyoze. Anandipatsa mbali ina ya makina akale aja kuti tinyamulire limodzi, ndipo tinatuluka nawo mpaka pa lole. Lole isananyamuke anatsikanso, anandikumbatira, anandiuza kuti ndizibwera, kuti shopu yatsopanoyo ili panjira yanga ya kuntchito.

Ndinapitako kawiri chaka chimenecho. Anandilandira bwino, anandiphikira tiyi wawo wowawa uja wa m'timatambula ting'onoting'ono, koma makasitomala anali mbwee, ndipo macheza athu ankaduka pakati. Mayi wa ku Colombia anasamutsidwira dziko lina chaka chotsatira. Potsanzika anandisiyira maluwa ake am'miphika, ndipo mpaka lero sakudziwa chimene ndinachita. Mwana uja tsopano anayamba sukulu, ndipo ndinamva kwa mkazi wa mlamu wa telala, titakumana m'matatu, kuti Lamlungu lililonse amalankhula pafoni ndi mwini dzina lake. Ndinati n'zosangalatsa kwambiri. Nditatsika pa siteji yathu ndinayenda mpaka kudutsa geti la chinyumba chathu osazindikira, mlonda n'kuchita kundiitana.