Botolo la mwaye limene ndinkatsuka

Ena akamva nkhani iyi amati ndakalamba, ndayamba kupeka, koma pali Mulungu kumwambaku, izi zinandichitikila ine mwini, ndipo palibe munthu angadzipekele nkhani yomuchititsa manyazi chonchi. Maina okha sinditchula.

Inali nthawi ya Chitaganya, tikukhala kumpoto kwa Petauke, pafupi ndi kamgodi kena kamene kanali ndi nyumba yakeyake ya magetsi. Injini yake inkadya nkhuni ndi mafuta akuda, ndipo utsi wake, abale inu, ukayanika zovala unkakazianula zitada kale. Mwana wanga wamkazi wa zaka zinayi anali ndi chifuwa chosatha chifukwa cha utsiwo. Anthu atadandaula kwambili, kunabwela kalaliki wa ku Lusaka kudzayeza mpweya. Anazika mitengo m'midzi yozungulila, pamwamba pa mtengo uliwonse n'kuikapo botolo lalikulu kukamwa kuti mwaye uzigwelamo, ndipo mwezi ukatha ankabwela kudzaona.

Botolo la m'mudzi mwathu anakaliika pabwalo pa mng'ono wanga. Mng'ono wanga, mwana woti ndinamubeleka kumbuyo ine, chifukwa chabe anapondako kusukulu ndipo ankadziwa kulemba dzina lake! Nanga wa mwana wodwala anali ndani? Kalalikiyo akabwela ankakhala pakhonde pake, kumutchula kuti amai, kumulemba m'buku, mpaka tsiku lina anamubweletsela duku, pamene ine ankangondiponyela moni akudutsa. Azimai kuchitsime anayamba kumutcha mai wa boma, iye n'kumaseka ngati sakufuna. Nsanje inandigwila, sindibisa, moti duku lija ndikaliona chakudya sichinkatsika.

Mu uchitsilu wanga ndinaganiza kuti ntchito ya mng'ono wanga ndi yosonkhanitsa mwaye, monga timachitila potola thonje, kuti wodzaza dengu ndiye wakhama. Botolo likapezeka lopanda kanthu, kalaliki adzati ndi waulesi, n'kulibweletsa kwa ine. Choncho mng'ono wangayo akapita kumunda ndinkakwela pamtondo, kutsitsa botolo, kulitsuka mpaka mbee, n'kulibwezela. Miyezi itatu ndikuchita zimenezo, ndikudikila tsiku loti amukalipile pamaso pa anthu. Kodi akanandiuza ndani kuti kwa anthu a mabuku botolo loyela ndiye kuti mpweya uli bwino?

Tsikulo linafika, koma losiyana ndi limene ndinkadikila. Kalaliki anasonkhanitsa anthu n'kunena kuti mabotolo a tsidya lina la mtsinje adzaza mwaye koma lathu ndi loyela, kusonyeza kuti utsi sufika kwathu, choncho eni mgodi alozetsa paipi ya utsi kuchigwa chathu. Anthu anang'ung'udza, ena akutsokomola pomwepo, koma iye anangokweza botolo lija kuti aliyense adzionele. Ine ndinali pamenepo, mwana ali kumbuyo, ndipo ndikanatsegula pakamwa zikanathela pomwepo, koma manyazi anandimanga lilime.

M'mawa wina wa Juni, kukuzizila, kopanda mphepo, utsi unatsika n'kukhazikika m'chigwa ngati nkhungu, moti nkhokwe yanga sindinkaiona. Ndikusesa ndinamva kaphokoso ngati kamwana ka mbuzi komangidwa pakhosi. Kutembenuka, mwana wanga wagwada pakhomo, maso ali tong'o, akukoka mpweya koma sukulowa, milomo itachita phulusa. Ndinamugwedeza, ndinamuthila madzi, ndinamuitana dzina, iye akungondiyang'ana. Ndinalephela ngakhale kumunyamula. Amene anamutola n'kumuponya kumbuyo ndi mng'ono wanga yemwe uja. Anathamanga naye kukwela chitunda kuti atuluke mu utsi, ine ndikudzandila pambuyo, mpaka kuchipatala cha mishoni komwe anamubaya jekeseni.

Titakhala pakhonde pachipatala, mwana akupuma molila m'katimo, ndinaulula zonse kwa mng'ono wanga, ndikuyembekeza kuti andimenya mbama.

"Pochokela kumunda ndinkakuonani mukulitsuka, akulu," anatelo motsitsa mawu. "Ndinkayesa mukundithandiza. Mpaka ndinauza amuna anga kuti ndili ndi mkulu wabwino."

Tinapita limodzi kukauza kalaliki, koma anati zolemba zinapita kale ku Lusaka, ndipo paipi inakhala choncho mpaka mgodi unatsekedwa. Mwana wanga anachila, lelo ali ndi zidzukulu, koma sakwela chitunda osaima katatu kugwila pachifuwa. Iye amayesa anabadwa choncho, ndipo ine sindinamuuzebe.

Anthu amati unali utsi, koma ine ndimakhulupilila kuti utsi unangobwela kumene ndinauitanila ndi manja angawa. Inu, mukaona mbale wanu wapatsidwa ntchito imene simukuimvetsa, pitani mukamufunse. Ngati mtima ukukana, khalani pansi ndi nsanje yanuyo, manja mupinde, chifukwa amene adzalephele kupuma akhoza kukhala mwana wanu.