Mphete pa Mutu wa Filipo

Fungo la fodya wouma likandipeza, ndimaona agogo aamuna atakhala pa thumba m'chigafa, akusisita tsamba ndi zala, ine ndili pambali kuwauza ngati ndi lofiira kapena lachikasu. Ng'ala inali itawaphimba maso onse awiri, ndiye kwathu ku Kachebere maso awo ndinali ine. Chinangwa choyamba kupsa pamoto chinali changa, ndipo panalibe mdzukulu wopikisana nane.

Kenaka anapita nawo kuchipatala, komwe anawachotsa ng'ala ya diso lamanja n'kuikamo kagalasi. Anabwerako akuona, koma akuona mopitirira muyeso. Malata ankawathobwa m'maso, nyali ya njinga inkamera minga, ndipo chilichonse chonyezimira chinkavala mphete ya kuwala. Adokotala anali atawauziratu kuti kagalasiko kamatero kwa anthu ena.

Nyengo yomweyo kunabwera msuweni wanga Filipo kuchokera kutsidya kwa malire, atameta mpala, mutu uli phuliphuli ndi mafuta. Anaima pakhomo la chigafa dzuwa likumuwomba paliwombo. Agogo anasiya tsamba, navula chipewa.

"Mwana uyu ali ndi mphete pamutu," anatero, "ngati oyera a pa zithunzi za m'tchalitchi."

Amayi anawakumbutsa mawu a adokotala, nawonjeza kuti ndowa yatsopano nayonso amaiona ndi mphete. Agogo anavomera ndi mutu, koma chinangwa chinasamukira kwa Filipo. Filipo yemweyo, wakuba mango, wosadziwa n'komwe kumanga ndindi ya fodya! Agogo ankangomuyang'anitsitsa akumwetulira, ine mtima ukuwira. Nsanje inandidya mpaka ndinkalakalaka ng'alayo itabwerera.

Loweruka lina ndinameta mutu ndi lezala, ndikudzicheka mwina ndi mwina, n'kudzola mafuta ophikira a amayi. Ndinakaima padzuwa la masana kutsogolo kwa agogo, chifuwa ndili nacho patsogolo, kudikira kuti chipewa chivulidwe. Iwo anaphimba diso ndi dzanja.

"Choka apo iwe, ukundilasa m'maso."

Filipo anaseka mpaka kugwa pansi.

Itakwana nthawi yokachotsa ng'ala ya kumanzere, agogo anakana kwamtuwagalu. Ankati kuwala kwa diso limodzi kwawakwana, sangasenze kwa awiri. Madzulo ake anandiitana, nagunda mphasa ndi chikhatho.

"Iwe uzikhala kumanzere kuno, mdzukulu wanga. Kuno sikuwawa, ndipo mawu ako ndimawadziwa."

Ndinakhala mbali imeneyo mpaka tsiku limene tinawaperekeza kumanda. Abale amati unali ulemu waukulu, ndipo sindikana kuti agogo ankandikonda. Filipo ndimagwirizana naye, akabwera ndimamuphera nkhuku. Koma agogo atapatsidwa diso loona analithera pa iye, ine anandisunga kumbali ya chifunga, ndipo pano ndili ndi ana anga koma zimandiwawabe.