Tsiku limene ndinaloza maungu

"Mwanayo mumudyetsa zimenezo Novembala ino?" anandifunsa aneba anga, bambo achikulire ochokera ku Ireland, atandipeza ndili ndi mwana wanga ndikuthyola mabulosi akutchire kumpanda kwathu ku Foleshill, kunja kuno komwe ndikukhala. Akuti kwawo Okutobala akangotha sawalawanso, chifukwa kamzimu kena kamakhala katawalavulira.

"Nanga alipo anayesapo kudya?" ndinawafunsa.

Anaseka. "Angayerekeze ndani?"

Inetu zoterezi ndinayerekezapo ndili wamng'ono. Kwathu kumudzi ankatiletsa kuloza maungu anthete ndi chala, ati amayoyoka. Ukafuna kuonetsa munthu unkaloza ndi chibakera. Zinkandizunguza mutu: dzungu lopanda maso lingadziwe bwanji?

Chaka chimenecho ufa unatithera msanga, ndipo tonse tinkadikira maungu a pachulu, kuseri kwa nyumba. M'mawa wina ndinapitako ndekha, masamba akundiyabwa m'miyendo, dothi likununkhira mvula. Ndinawaloza limodzilimodzi, onse asanu ndi awiri. Palibe chinachitika, moti ndinabwerako ndikudzimva wochenjera.

Patatha masiku anayi, mayi anandiitanira kuchuluko. Ndinawapeza atanyonyomala, akutembenuza timaungu tachikasu, tofewa, tonunkha kale.

"Iwe, unafikako kuno?"

"Ayi, amayi." Dzanja ndinali nditalibisa kumbuyo.

Sanandifunsenso. Anayamba kutola towolato n'kumaika pansonga ya chitenje chawo, akuwerenga chapansipansi, ine ndikuwerenga nawo mumtima. Pa maungu asanu ndi awiri amene tinkadalira mwezi umenewo, tinataya asanu.